MBIRI YA ALONZO CUSHING, MSILIKALI WA MIZINGA (1841–1863)

Pa masamba ano tifuna kukusimbirani mbiri ya mnyamata wa ku dziko la America amene anafera ku nkhondo zaka zoposa 160 zapitazo. Dzina lake ndi Alonzo Hersford Cushing. Sanali mfumu, sanali mwini chuma, ndiponso sanafike pa msinkhu womera imvi. Anafa ali ndi zaka 22 chabe, asanakwatire, osasiya mwana ngakhale mmodzi. Kwathu kuno munthu akafa chotero akuluakulu amada nkhawa kuti dzina lake lidzalowa m'manda pamodzi ndi mtembo, pakuti palibe wodzalitenga. Koma dzina la mnyamata uyu silinaole, ndipo patapita zaka 151 mtundu wake unalitchulanso pamaso pa anthu onse. Kuti timvetse m'mene zinakhalira, tiyenera kuyamba monga achitira akulu pabwalo, ndiko kufunsa kuti mwanayu ngwa yani, nanga anatuluka m'nyumba yotani.

MAKOLO AKE

Banja la a Cushing linachokera ku England. Kholo lawo, a Matthew Cushing, anawoloka nyanja yamchere m'chaka cha 1638 kuchokera ku mudzi wa Hingham, nakamanga ku Massachusetts pa malo amene anali ndi dzina lomwelo. Mibadwo itapita, mmodzi wa zidzukulu zawo, a Zattu Cushing, anasamukira kumadzulo kwa chigawo cha New York, pafupi ndi nyanja ya Erie, nakhala mmodzi wa oyamba kumanga mudzi umene unadzatchedwa Fredonia. Iwowa ndiwo agogo ake a Alonzo. Anali munthu wolemekezeka, woweruza milandu m'dera lonselo.

Atate ake a Alonzo, a Milton Buckingham Cushing, anabadwa m'chaka cha 1800. Anaphunzira za udokotala, koma thupi lawo linali lodwaladwala, ndipo zaka zambiri anazithera pa malonda ku chigawo cha Ohio. Akazi awo oyamba anamwalira nawasiyira ana. M'chaka cha 1836 anakwatiranso a Mary Barker Smith, mayi wophunzira bwino wochokera ku Massachusetts, wa mtundu umene unatulutsa akuluakulu a zombo za nkhondo. Chuma cha dziko la America chitagwa m'chaka cha 1837, banjalo linanyamula katundu nililunjika kumadzulo, ku dera la Wisconsin, kumene kunali kusanakhale midzi yambiri ya azungu. Dzikolo linali la anthu a mtundu wa Potawatomi, amene boma linali litangowachotsamo kumene. A Cushing anamanga nyumba ya mitengo pafupi ndi mtsinje wa Bark, pa malo amene tsopano atchedwa Delafield.

M'nyumba ya mitengo imeneyo ndimo anabadwira Alonzo pa 19 Januwale 1841. Akulu ake a bere limodzi anali awiri, Milton ndi Howard. Mng'ono wake William anamupondera pamutu pa 4 Novembala 1842, ndipo pambuyo pake kunabadwa mlongo wawo Mary Isabel. Ana ena a m'banjamo anamwalira ali aang'ono, monga zinali kuchitikira kawirikawiri masiku amenewo. Moyo wa kuthengo sunawayanje atate odwalawo, motero m'chaka cha 1844 anasamukiranso ku Chicago kuti akagwire ntchito ya udokotala. Matenda sanawasiye, ndipo m'chaka cha 1847 anamwalira. Pamenepo n'kuti Alonzo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

MAYI WAMASIYE NDI ANA AKE

A Mary anatsala manja ali m'khosi, opanda munda, opanda chuma, ali ndi ana asanu oyang'ana kwa iwo. Mwa mwambo wathu ana otere akadayang'ana kwa atsibweni awo, koma kumeneko mwana amawerengedwa kuchimuna, motero mayiyo anatenga ana ake napita nawo ku Fredonia, kwa abale a malemu amuna awo. Chibale ndi fupa, sichiola. Abalewo anawalandira nawathandiza, koma a Mary sanafune kukhala wongolandira. Anatsegula kasukulu m'nyumba mwawo momwe, naphunzitsa ana a anansi awo, ndipo tindalama timene makolo anali kulipira ndito tinali kugula chakudya ndi zovala. Anyamatawo nawonso anali kugwira tintchito m'mudzimo akaweruka ku sukulu. Howard anaphunzira ntchito yosindikiza nyuzipepala, ndipo Alonzo anapitiriza maphunziro ake pa sukulu ya Fredonia Academy.

M'mera mpoyamba. Amene afuna kudziwa kumene Alonzo anatenga mtima wosathawa pa ntchito ayang'ane kwa mayi ameneyu, amene sanagawe ana ake kwa anthu ngakhale umphawi unali utamugwira pakhosi. Koma tiyeneranso kunena mosabisa kuti umphawi womwewo ndiwo unatsegulira anawo khomo la usilikali. Maphunziro apamwamba anali a ana a anthu olemera. Zina mwa sukulu zochepa zimene mwana wa mayi wamasiye akadaphunzirako popanda kulipira zinali za boma zophunzitsa atsogoleri a nkhondo, ndipo munthu anali kulowako pokhapokha phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera lake atamusankha. M'chaka cha 1857 mwayi umenewu unagwera nyumba ya a Mary kawiri. Alonzo, ali ndi zaka 16, anapita ku West Point, sukulu ya asilikali a pamtunda yomangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Hudson, ndipo William anapita ku Annapolis, sukulu ya asilikali a pamadzi.

Ku West Point Alonzo anaphunzira masamu, Chifalansa, kujambula mapu, kumanga milatho ndi malinga, kukwera kavalo ndi kuomba mizinga. Anali kudya mbale imodzi ndi anyamata ochokera ku zigawo zonse za dziko, za Kumpoto ndi za Kummwera zomwe, osadziwa kuti posachedwa adzalozana mfuti.

CHIYAMBI CHA NKHONDO

Gwero la nkhondoyo linali ukapolo. M'chaka cha 1860 ku America kunali akapolo pafupifupi 4 miliyoni, anthu akuda amene makolo awo anagwidwa ku Africa, ndipo ambiri a iwo anali kulima thonje, fodya ndi nzimbe m'minda ya azungu a Kummwera. A Abraham Lincoln, amene chipani chawo chinali kukana kuti ukapolo ufalikire ku madera atsopano, atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko mu Novembala 1860, zigawo za Kummwera zinayamba kupatuka chimodzichimodzi kufikira zinakwana 11, nizipanga boma lawolawo. Pa 12 Epulo 1861 mizinga ya a Kummwera inaomba linga la boma la Fort Sumter, ndipo nkhondo ya pachiweniweni inabuka. Pa 1 Januwale 1863 a Lincoln analengeza kuti akapolo onse a m'zigawo zopandukazo ndi mfulu, ndipo kuyambira tsiku limenelo paliponse pamene asilikali a Kumpoto anafika m'zigawozo, goli linathyoka.

Mawu akuti goli si achilendo kwa ife. M'chaka chomwecho cha 1863 a David Livingstone anali kuyenda m'dera la Nkhotakota ndi Kasungu akuona ndi maso awo njira zimene ogula anthu anali kudutsamo ndi makolo athu. Motero ngakhale nkhondo imeneyi inamenyedwa kutali, chimene anali kulimbirana tichidziwa kulemera kwake.

Ku West Point anyamata ambiri a Kummwera anatula pansi maphunziro napita kukamenyera kwawo. Popeza boma linali kusowa atsogoleri a asilikali, kalasi la Alonzo linatulutsidwa chaka chimodzi nthawi isanakwane, pa 24 Juni 1861. Mwa anyamata 34 amene anatsiriza, iye anakhala wa nambala 12. Woyamba anali Patrick O'Rorke, amene anadzafera pa Gettysburg pomwepo tsiku limodzi Alonzo asanafe, ndipo wotsiriza anali George Custer, amene anadzatchuka pambuyo pake pa nkhondo zolimbana ndi eni dziko a kumadzulo.

Alonzo anapatsidwa udindo wa Lefutenanti m'gulu lachinayi la asilikali a mizinga. Mwezi usanathe analawa nkhondo yake yoyamba pa Bull Run, pa 21 Julayi 1861, pamene a Kumpoto anagonja nathawira ku Washington. M'chaka cha 1862 anakhala wothandiza kazembe wa nkhondo a Edwin Sumner, kunyamula mauthenga pa kavalo pakati pa zipolopolo. Anali pa Antietam pa 17 Seputembala, tsiku limene linakhetsa mwazi wochuluka koposa masiku onse a nkhondoyo, analinso pa Fredericksburg mu Disembala. Kuchiyambi kwa chaka cha 1863 anamupatsa gulu lakelake lotchedwa Battery A, ndipo analitsogolera pa nkhondo ya Chancellorsville mu Meyi. Anali ndi zaka 22, koma pansi pake panali amuna 126, ambiri a iwo aakulu kwa iye, pamodzi ndi mizinga isanu ndi umodzi.

NTCHITO YA MZINGA

Kuti timve bwino za imfa yake, tiyenera kudziwa pang'ono m'mene mzinga wa masiku amenewo unali kugwirira ntchito. Akulu amene anaona mfuti ya gogodera sadzavutika kumva, pakuti mzinga unali gogodera wamkulu wokhala pa magudumu awiri. Mizinga ya Alonzo inasulidwa ku Phoenixville m'chigawo cha Pennsylvania. Kukamwa kwake kunali kwa mainchesi atatu, mpope wake wokha unali wolemera makilogalamu pafupifupi 370, ndipo unali kuponya bomba mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Mzinga uliwonse unali kukokedwa ndi akavalo asanu ndi mmodzi, pamodzi ndi bokosi la wonga ndi mabomba.

Pa mzinga umodzi panali kuima amuna asanu ndi atatu, aliyense ndi ntchito yake. Wina anali kupukuta m'kati ndi mtengo wa nsanza zonyowa kuti azime timoto totsalira, wina kulowetsa thumba la wonga ndi bomba, wina kutsendera, wina kulunjika, wina kukoka chingwe choyatsira, ena kuthamanga ndi mabomba kuchokera ku bokosi. Panalinso wina wotseka kabowo ka pamwamba ndi chala chachikulu chovekedwa chikopa, kuti mpweya usalowe ndi kukoleza moto pamene anzake ali kuthira wonga. Iyeyu akachotsa chala msanga, mnzake wa kutsogolo anali kuduka manja. Tiona tsono kuti msilikali wa mizinga sanali kumenya nkhondo yekha, moyo wake unali m'manja mwa mnzake. Ndiponso sakadagona pansi kapena kubisala kuseri kwa mtengo monga achitira a mfuti zam'manja. Ntchito yake inali yoimirira poyera.

Adani akakhala patali anali kuwaponyera mabomba ophulika. Akayandikira, m'malo mwa bomba anali kulowetsa chitini chodzaza ndi timipira tachitsulo, timene tinali kumwazika potuluka ndi kugwetsa anthu ambiri nthawi imodzi. Mzinga ukayamba kulavula zitini zimenezi, onse anali kudziwa kuti imfa yafika pakhomo, kwa oomba ndi kwa oombedwa omwe.

GETTYSBURG

Mu Juni 1863 kazembe wamkulu wa a Kummwera, a Robert E. Lee, atalimba mtima ndi kupambana kwawo pa Chancellorsville, anatenga asilikali oposa 70,000 nalowa nawo m'dziko la a Kumpoto. Anali kuyembekeza kuti akapambana nkhondo imodzi yaikulu pa nthaka ya adani awo, anthu a Kumpoto adzatopa ndi maliro nadzavomera kuti dziko ligawike. Zikadatero, akapolo a Kummwera akadakhalabe m'goli. A Lincoln anaika a George Meade kukhala kazembe wa a Kumpoto pa 28 Juni, ndipo patangopita masiku atatu magulu awiriwo anakumana pa tauni yaing'ono ya Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania.

Tsiku loyamba, pa 1 Julayi, a Kumpoto anakankhidwa kutuluka m'tauni nakaima pa zitunda za kummwera kwake. Gulu la Alonzo linafika m'mawa wa pa 2 Julayi, niliikidwa pakati penipeni pa mzere wa nkhondo, pa chitunda chachitali chotchedwa Cemetery Ridge. Patsogolo pawo panali mpanda waufupi wa miyala umene alimi anaunjika m'malire a minda, ndipo pamalo pamene mpandawo unakhota ndipo panaima mizinga yake, pafupi ndi kamsitu kakang'ono. Asilikali a mfuti zam'manja amene anali kusunga mpandawo anali a ku Philadelphia, otsogozedwa ndi kazembe Alexander Webb. Tsiku lachiwirilo a Lee anayesa kuthyola mzerewo ku mapeto ake onse awiri, koma analephera. Motero anatsimikiza mtima kuti m'mawa mwake adzalasa pakati.

Pa 3 Julayi kunacha kotentha ngati mwezi wa Okutobala kwathu kuno. Nthawi itakwana 1 koloko masana, mizinga ya a Kummwera pafupifupi 150 inayamba kuomba pamodzi, ndipo yambiri inalunjika pa chitunda pamene panali Alonzo. Kwa nthawi yoposa ola limodzi nthaka inanjenjemera, utsi unaphimba dzuwa. Mabokosi a wonga anaphulika, magudumu anasweka, akavalo anagwa ali m'zingwe zawo. Amuna a pa mizinga anatha mmodzimmodzi, kufikira Alonzo anachita kubwereka asilikali a mfuti zam'manja kuti athandize kunyamula mabomba. Otsogolera anzake a m'gululo analasidwa, natsala iye ndi Sajeni wake wamkulu, Frederick Füger, munthu wobadwira ku Germany amene analowa usilikali m'chaka cha 1856.

Pakati pa moto umenewo chidutswa cha bomba chinamulasa Alonzo paphewa. Posakhalitsa china chinamung'amba pamimba ndi m'munsi mwake. Masiku amenewo bala la pamimba linali imfa, pakuti madokotala analibe njira yolichiritsira. Anamuuza kuti apite kumbuyo akamuone madokotala, koma iye anakana. Anali kudziwa kuti akachoka, amuna ochepa otsalawo adzataya mtima, ndipo pakati pa mzere padzatsala chibowo. Anaima atagwira pamimba ndi dzanja, mwazi uli chuchuchu.

Mizinga ya adani itatonthola, mwa mizinga yake isanu ndi umodzi inatsala iwiri yokha yotha kuomba. Pamenepo anapempha chilolezo kwa kazembe Webb kuti aisunthire kutsogolo, pa mpanda penipeni, ndipo atamulola anaikankha ndi manja naunjika zitini za timipira pambali pake. Cha m'ma 3 koloko, kutsidya kwa minda, asilikali a Kummwera pafupifupi 12,500 anatuluka m'nkhalango ali m'mizere yaitali, mbendera zili petupetu. Otsogolera anali akazembe Pickett, Pettigrew ndi Trimble. Anali ndi mtunda woposa kilomita imodzi woti ayende poyera, ndipo analunjika ku kamsitu kaja.

Alonzo anali atafooka kotero kuti mawu ake sanathe kumveka m'phokosomo. Kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Füger anamuchirikiza ndi mkono kuti asagwe, natchera khutu pakamwa pake, nafuulira anyamata lamulo lililonse limene iye ananong'ona. Mwa njira imeneyi mizinga ija inaombabe kufikira adani anafika pa mtunda wosakwana mamita 100. Pamenepo chipolopolo chinalowa m'kamwa mwa Alonzo nichitulukira kunkhongo, ndipo anagwa m'manja mwa Sajeni wake, natsirizika pomwepo pambali pa mzinga.

Füger anamugoneka pansi, naomba zitini zotsala. Kagulu ka a Kummwera kotsogozedwa ndi kazembe Lewis Armistead, amene anakweza chipewa chake pansonga ya lupanga, kanalumpha mpanda nikafika pa mizinga ya Alonzo. Apo anamenyana ndi zipolopolo, matako a mfuti ndi mitengo yotsenderera wonga. Koma amene anafika pampandapo anali ochepa ndi otopa, pakuti mizinga ndi mfuti zinali zitawadula m'njira monse. Armistead analasidwa pafupi ndi umodzi wa mizingayo, namwalira patapita masiku awiri. Asilikali ena a Kumpoto anathamangira pamalopo natseka chibowo chija. Mwa amuna amene anawoloka minda ija, oposa theka anafa, analasidwa kapena anagwidwa. M'gulu la Alonzo munafa anthu 6, ndipo 32 analasidwa.

Pa 4 Julayi usiku a Lee anayamba ulendo wobwerera ku Virginia, ndipo sanathenso kulowa m'dziko la a Kumpoto ndi gulu lalikulu chotero. M'masiku atatuwo anthu pafupifupi 50,000 a mbali zonse ziwiri anafa, analasidwa, anagwidwa kapena anasowa. Sitinganene kuti mnyamata mmodzi ndiye anapambana nkhondo imeneyi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma denga likamagwa pamakhala mzati umene ulemu wonse umatsamirapo, ndipo tsiku limenelo mzatiwo unali pa mpanda wa miyala uja. Nkhondo inapitirira kufikira a Lee anagonja pa 9 Epulo 1865, itadya miyoyo yoposa 600,000, ndipo mu Disembala chaka chomwecho lamulo lalikulu la dziko linathetsa ukapolo m'zigawo zonse.

MALIRO NDI ZOTSATIRA ZAKE

William atamva za imfa ya mkulu wake anathamangira ku Gettysburg, koma anapeza mtembo utatumizidwa kale. Alonzo anaikidwa m'manda a ku West Point mwezi womwewo wa Julayi, pafupi ndi sukulu imene anatulukamo zaka ziwiri chabe m'mbuyomo. Pa mwala wa pamanda ake amayi ake anasankha kuti palembedwe mawu ochepa a m'Buku Lopatulika onena za kukhulupirika. Boma linamupatsa ulemu wa udindo wa Lieutenant Colonel atafa kale.

Misozi ya a Mary sinathere pamenepo, pakuti ana awo aamuna onse anayi anali atavala malaya a nkhondo. Milton anali wolipira asilikali a pamadzi. William anatchuka m'dziko lonse pamene usiku wa pa 27 Okutobala 1864 anakwera kabwato ndi anzake ochepa, nakamiza chombo chachitsulo cha a Kummwera chotchedwa Albemarle pa mtsinje wa Roanoke, pochigunda ndi bomba lomangirira kunsonga ya mtengo. Anapulumuka posambira, koma thupi lake silinakhalitse. Anamwalira pa 17 Disembala 1874 ali ndi zaka 32, atadwala matenda amene anamusokoneza ndi mutu womwe. Howard, wosindikiza nyuzipepala uja, analowa usilikali wa mizinga ngati msilikali wamba, ndipo Alonzo atafa anapatsidwa udindo m'gulu lachinayi lomwelo. Nkhondo itatha anatumizidwa ku Arizona, kumene anaphedwa pa 5 Meyi 1871 pomenyana ndi anthu a mtundu wa Apache. Apa choonadi chitikakamiza kunena kuti Aapachewo anali kuteteza dziko la makolo awo, ndipo boma limene linamasula akapolo ndi lomwelo linali kulanda malo a eni dziko. Mfuti siisankha mlandu, imapita kumene aituma.

Motero mayi uja amene analera ana ake ndi choko ndi bolodi anaona atatu a iwo akutsikira kumanda pa zaka 11 chabe, onse asanafike zaka 35. Iwo anakhalabe ndi moyo kufikira chaka cha 1891. Tikamatchula ngwazi za nkhondo timakumbukira amene anagwa pabwalo, koma amayi amene anatsala kunyumba akulandira makalata a maliro nawonso anamenya nkhondo yawo, ndipo palibe amene anawaveka mendulo.

MENDULO YOCHEDWA

Mendulo yapamwamba koposa ya asilikali a ku America itchedwa Medal of Honor. Füger anailandira m'chaka cha 1897 chifukwa cha ntchito yake ya tsiku lija, ndipo kazembe Webb nayenso anailandira. Alonzo sanailandire, pakuti masiku amenewo sunali mwambo kuipereka kwa mtsogoleri wakufa. Anzake amene anapulumuka anaika kamwala pamalo pamene anagwera, ndipo m'chaka cha 1915 anthu a ku Wisconsin anaimika chipilala ku Delafield chokumbukira Alonzo, William ndi Howard. Kupitirira apo nkhaniyo inagona.

Amene anaidzutsa sanali mbale wake konse. Anali mayi wina wa ku Delafield, a Margaret Zerwekh, amene nyumba yawo inali pa malo amene kale anali a banja la a Cushing. Atafufuza mbiri ya malowo, mtima unawawawa kuona kuti mnyamata wobadwira pa nthaka imene iwo anali kupondapo sanalandire ulemu womuyenera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kulemba makalata kwa aphungu ndi kwa akuluakulu a asilikali. Zaka zinapita, mayankho ambiri anali ozengereza, koma iwo sanaleke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Popeza lamulo linaika malire a zaka zoperekera menduloyo, panafunika kuti Nyumba ya Malamulo ivomereze mwapadera, ndipo inatero mu Disembala 2013. Pa 6 Novembala 2014, ku White House, a Barack Obama, amene anali mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, anapereka mendulo ya Alonzo Cushing kwa chidzukulu cha abale ake, pakuti iye mwini sanasiye mbewu. A Zerwekh analipo, ali ndi zaka 94. Ndipo amene anapereka menduloyo anali munthu wakuda woyamba kulamulira dziko limenelo, chinthu chimene pa tsiku la Gettysburg palibe akadachilota.

MAWU OTSIRIZA

Tasimba mbiri iyi chifukwa mwa iyo tiona zinthu zitatu zimene makolo athu anali kuzilemekeza. Choyamba ndi mayi amene sanataye ana ake pa nthawi ya umphawi, ndi abale amene anamutsegulira khomo. Chachiwiri ndi mnyamata amene anapatsidwa malo oti asunge, nawasunga ngakhale anali ndi chifukwa chokwanira chochokera, pamodzi ndi mnzake amene anamubwereka mkono ndi mawu. Chachitatu ndi munthu wapadera amene anasenza dzina la mwana wa mwini ngati la mwana wake, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Nafenso tili nawo otere. M'midzi yathu munachoka anyamata amene anasenza katundu wa nkhondo ngati atengatenga pakati pa 1914 ndi 1918, ndi ena amene anavala malaya a Northern Rhodesia Regiment ndi King's African Rifles napita ku Abyssinia ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri. Ambiri sanabwerere, ndipo ena anafa asanakwatire monga Alonzo. Manda awo ali kutali, kumene sitingathe kukalambula. Motero tikupemphani, alendo athu, kuti mukabwerera kwanu mukakhale pansi ndi agogo amene akali moyo, mukawafunse maina a amene anapita osabwerera, mukawalembe m'buku ndi kuwaphunzitsa ana. Mayi wa ku Delafield anadikira zaka zoposa 25 chifukwa cha mwana amene sanamuonepo. Ife a magazi amodzi ndi anyamata athuwo, tisalole kuti maina awo afe kachiwiri m'manja mwathu.